Ndege za Nthenga

Mbiri ya sayansi m'chigawo cha Niassa ikadzalembedwa, ine ndidzakhala pa tsamba loyamba, chifukwa m'zaka za nkhondo ndinali ndekha m'Lichinga monse wophunzira za mbalame. Ena onse ankazidya. Ndionjezere kuti mbalame zimene ndinkazidziwa mayina zinkakwana zala za dzanja limodzi, nkhuku ili momwemo.

Ndinali nditangobwerako ku sukulu ya uphunzitsi. Ine ndimati ndinaisiya. Mayi anga mpaka kumwalira kwawo ankati inandisiya ndi iyo. Pa zonse zimene aphunzitsi anandithira m'mutu munatsala chimodzi: anamzeze amene amafika ndi mvula yoyamba amachokera ku Ulaya, ndipo mvula ikamatha amabwerera kwawo. Ife kuti tifike kunyanja ku Meponda, pafupi pomwepa, pankafunika giya, kalata yololeza ulendo, kenako kudikira galimoto zoperekezedwa ndi asilikali, kenako kupemphera. Kambalame kosadzaza chikhatho kankapita ku Ulaya popanda chidindo cha munthu aliyense. Zinkandiwawa.

Nyanja itatalika choncho, nyanja yanga inali damu la kunja kwa tauni. Atsamunda anabzalapo mitengo ya paini ndi kumangapo mipando ya simenti yopumirapo Lamlungu. Unatsala umodzi. Pamwamba pake pankadutsa mawaya amene magetsi anasiya kalekale kuyendamo, anamzeze n'kuwatenga kukhala awo. Chida changa chinali binokulo, magalasi oonera patali, amene Mpwitikizi wina yemwe mayi ankamuchapira zovala anaiwala pothawa ufulu. Galasi lakumanzere linali losweka, choncho sayansi ndinkaichita ndi diso limodzi.

"Anzako ali pamzere wa sopo, iwe ukukaonerera mbalame za eni," ankatero mayi. "Zikakupatsa chiyani?"

"Nzeru, amayi."

"Ubwere nazo tidzaphike."

Sikuti ankangolalata. Masiku amenewo munthu wopanda pepala la ntchito ankatoledwa pamsewu ngati mlesi. A ku Maputo ankaopsezedwa kuti akatayidwa ku Niassa. Ife tinali kale ku Niassa, koma boma silinasowe nzeru. Niassa nayenso ali ndi Niassa wake, kutchire kwenikweni, kumene lole inkapita yodzaza n'kubwera yopanda kanthu.

Pa damupo ndinkakhala ndi mkulu wina wachiyao, wosoka zovala, amene anayamba kuwedza nsomba nsalu zitasowa m'sitolo. Anakhalitsa ku Tanzania, ndipo Chinyanja chake chinali cha zigamba, apa Chiyao, apo Chiswahili. Sitinkacheza kwambiri. Iye ankayang'ana pansi, ine kumwamba.

Chakumapeto kwa Malichi anamzeze anayamba kusonkhana, kuthithikana pamawaya mpaka waya kuwerama. Ndinadziwa kuti anyamuka posachedwa. Ndinkafuna kuona zimenezo basi, chinthu chimodzi chikuchoka m'Lichinga mwa kufuna kwake.

M'mawa wina wa nkhungu kunabwera amilisiya awiri, anyamata olondera tauni, mfuti imodzi pakati pawo.

"Kamarada, ukuyang'ana chiyani ndi chimenecho?"

Ndinali ndikusonkhanitsa yankho loyenera munthu wopita kusukulu pamene mkulu uja anandithandiza.

"Msiyeni mwanayu, ana anga, alibe mlandu. Tsiku ndi tsiku amangokhala pano kuona ndege."

"Ndege?"

"Ndege basi. Zikatera amaziona, zikanyamuka amaziona. Akuti zimachokera ku Ulaya. Ngakhale mwezi umene zidzabwerenso amaudziwa."

M'Chiswahili, ndege ndi mbalame. Kwathu kuno ndege ndi chachitsulo chija, ndipo bwalo lake linali kuseri kwa mitengo yomweyo. Tauni yonse inkanong'ona kuti ndege zakunja zikuponyera zigawenga mfuti kutchire.

"Ambuje, nenani kuti mbalame!" ndinakuwa.

"Ndi zimene ndikunenazo, mwanangu. Ndege." Analoza kumawaya. Koma kukuwa kwanga kunali kutabalalitsa anamzeze onse, ndipo amilisiya atakweza maso anaona mkulu waulemu wake akuloza kumwamba kopanda kanthu.

Ananditsekera m'chipinda chosungiramo matumba a nyemba. Nyembazo munalibe, munali fungo lake ndi anankafumbwe osowa ntchito ngati ine. Komandanti wawo, woweruza milandu yotere, anali ataperekeza galimoto kwina, ndiye mlandu unadikira. Mayi ankabweretsa mbatata yakachewere yowiritsa, n'kuipereka pazenera osandiyang'ana. Sindinachite mantha aakulu. Ndinatopa chabe, kutopa kwa munthu amene wafotokozera mlonda aliyense watsopano kusiyana kwa nthenga ndi chitsulo, aliyense n'kuvomera mwaulemu, n'kutsekanso chitseko.

Komandanti atabwera ndinaona munthu wotopa kuposa ine, maso ofiira, fumbi mpaka m'nsidze. Nkhondo ya ufulu anaimenya kuchokera ku Tanzania. Anamvetsera amilisiya, kenako anaitanitsa mkulu uja n'kumufunsa mawu awiri atatu m'Chiswahili. Mkuluyo anayankha akukupiza manja ngati mapiko.

Komandanti sanaseke.

"Zanthenga," anauza anyamata ake. "Mwandigwirira munthu wa anamzeze."

Ndinaimirira kuti ndizipita.

"Khala pansi, kamarada. Za ndege zatha. Umagwira ntchito yanji?"

Panja lole inali ikulira, ndipo aliyense m'chipindamo ankadziwa kumene ikupita.

"Ndine wofufuza," ndinatero.

"Amakulipira ndani?"

"Padakali pano, mayi anga."

Mayi anali pakhomo, mbale m'manja. Analowa osaitanidwa, nagwada.

"Akomandanti, mwana ndi yekhayu. N'chitsiru, sindikana, koma ndiye amanditungira madzi."

"Umatunga madzi iwe?"

"Kuyambira mawa," ndinayankha.

Komandanti anatenga binokulo uja, nayang'ana pazenera, natsinzina diso limodzi monga ndinkachitira ine. Anayang'ana nthawi yaitali. Sindikudziwa chimene ankaona, kunja kunali khoma la chimbudzi. Kenako anamuika m'kabati n'kutseka.

"Kukhala pansi n'kumayang'ana kumwamba umatha?"

"Ndiwo maphunziro anga, akomandanti."

Analemba pepala. Kuyambira tsiku limenelo ndinali mlonda wa mlengalenga wa kudamu, woyenera kudzanena ndege iliyonse yachilendo. Malipiro panalibe. Binokulo anali atasanduka chuma cha anthu onse.

"Nanga ndiziona ndi chiyani?"

"Yachitsulo imamveka," anatero, nauza amilisiya kuti alowetse wotsatira. Lole inanyamuka ndili pakhonde. Sindinayang'ane amene anali pamwamba pake, ena ndikanawadziwa.

Kutacha ndinatunga madzi, theka n'kutayikira m'njira, kenako ndinapita kuntchito. Mawaya anali mbee. Mkulu uja anali pamalo pake ndi mbedza yake.

"Ndege zako zinapita dzana," anatero. "Zonse pamodzi."

"Zinanyamuka bwanji, ambuje? Zinayamba zazungulira damu?"

"Sindinayang'ane, mwanangu. Nsomba inkadya nyambo."

Ndinakhala pa mpando wa simenti uja mpaka nkhondo inatha. Ndege imene ndinakanena inali imodzi, ndipo nditafika ku ofesi ndinapeza oikwera akumwa tiyi ndi komandanti. Anamzeze ankabwera ndi kupita chaka ndi chaka, koma popanda galasi anali timadontho takuda, ndipo tsiku lawo lonyamuka linkandipeza ndili kuchitsime kapena pamaliro. Mwana wa mlongo wa mayi, amene analibe pepala ngati langa, anakwera lole ina chaka chotsatira. Anabwerako patapita nthawi, wopanda mano akutsogolo, ndipo za kumeneko sankazikamba.

Achinyamata akandifunsa kuti sayansi inandidya zingati, binokulo sindimuwerengera, sanali wanga. Zaka sindiziwerengeranso, panalibe china chochita nazo. Koma pepala la komandanti silikanagwira ntchito popanda selu, kasitampa ka boma komata pakona, ndipo kameneko ndinagula ndekha nditagulitsa lamba wa buluku langa. Metikali makumi awiri.