Nyemba Zisanu za Chiperoni

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene bambo anakweza sola padenga la nyumba yathu ku Milanje, nkhondo isanathe. Anawapatsa ndi wansembe wina amene ankabwerera kwawo, pamodzi ndi batire lagalimoto. Mudzi wonse unabwera kudzaona galasi lakudalo, ine n'kumayenda monyada ngati dzuwa analenga ndi bambo anga.

Komatu iwo sanakwezere matama. Achimwene anga a Arimando anasochera tsiku limene tinathawa mfuti ku Molumbo, zaka zitatu m'mbuyomo. Loweruka lililonse masana wailesi inkawerenga mauthenga a anthu ofunafuna abale awo, koma mabatire ang'onoang'ono ankasowa ngakhale pamsika wa m'malire. Nthawiyo ikakwana mayi ankasiya chilichonse, ngakhale chimanga chili mumtondo, n'kukhala pafupi ndi wailesi dzanja lili patsaya.

Bambo anali makaniko wa kumunda wa tiyi, munthu wosakhulupirira chinthu asanachiyeze. Tsiku loyamba lomwelo anandikhazika pakhonde n'kuyala nyemba khumi pamphasa.

"Izi ndi zimene dzuwa limatipatsa kukacha kowala," anatero. Anachotsa zitatu, za nyale. Anachotsanso ziwiri, za wailesi. Zisanu zotsalazo anaziphimba ndi chikhatho. "Izi zimagona m'batire kudikira chiperoni. Sizikhudzidwa, wamva Rozita?"

Ndinavomera, koma mumtima ndinkangoti awa ndi masamu a anthu oumira. Kwathu moto samanana. Mnzako amabwera ndi phale, napala makala, ndipo pamoto pako sipachepa kanthu. Ine ndinakula ndikudziwa zimenezo, osati za nyemba.

Mwezi wozizira bambo anawolokera ku Malawi kukasaka mchere ndi sopo. Lachiwiri, mayi ali kumunda, kunabwera azakhali a Juliyeta, mlongo wawo wa bambo. Mwana wawo ankachita chinkhoswe, ndipo anali atabwereka gumbagumba.

"Mwana wa achimwene anga, tipaleko moto wanu wapadengawu. Anthu avineko, aiwale nkhondo."

"Papa anati bateriya isachoke m'nyumba, titiya."

"Iii! Kodi dzuwa anagula ndi papa wako? Mawa silitulukanso?"

Ndinaona ngati akunena zoona. Ndinamasula mawaya ndi manja angawa, ndipo tinakweza batire panjinga. Mayi atabwera anangoyang'ana pamalo pa batire n'kupita kukaphika, poti mlamu sakangana naye pa zachinkhoswe. Anthu anavina masiku awiri, ine ndiye ndinkatsogolera fumbi.

Batire linabwerera Lachinayi, ndipo tsiku lomwelo mtambo unatsika m'phiri. Kamvula kowaza, mphepo yolowa m'mafupa, dzuwa osaoneka. Lachisanu chimodzimodzi. Loweruka masana mayi anakhala pamalo pawo n'kupotokola wailesi. Inangokhosomola kamodzi, basi zii. Anapukuta mawaya ndi chitenje, anaigwedeza, anaiika kukhutu. Ine ndinaima pakhomo ndikudzilimbitsa mtima kuti Loweruka limodzi si kanthu, pajatu tinamvera Maloweruka ambiri osamva dzina lathu.

M'mawa mwake, tikutuluka m'tchalitchi, mnzawo wa bambo wa ku Majawa anatsika panjinga akumwetulira.

"Mama, mwagona tulo koma? Dzulo anamutchula Arimando, mwana wa makaniko wa ku Molumbo. Ali moyo, akufuna makolo ake!"

Mayi analuluta mpaka kugwada m'matope. Kenako anamugwira malaya. "Ali kuti? Anati ali kuti?"

Nkhope ya bamboyo inasintha. "Anatchula msasa wina wa othawa nkhondo, koma sindinasunge. Ndinati inu muli ndi sola, mwamva nokha."

Sindinalire, sindinathawe, ndinangoima ndikumva nyimbo za gumbagumba zija zikulira m'mutu. Mayi anatembenuka n'kundiyang'ana, ndipo ndikanakonda akanandimenya.

Bambo atabwera sanatenge mkwapulo. Anakhala pakhonde n'kunena kuti, "Ndinawerengera mitambo, koma abale sindinawawerengere. Cholakwa chinayambira pamphasa paja."

Uthengawo sunabwerezedwe. Bambo anayenda msasa ndi msasa koposa chaka, akufunsa dzina limodzi pakati pa chinamtindi cha anthu. Achimwene anatipeza okha nkhondo itatha. Anafika manda a mayi ali ndi miyezi itatu.

Chaka chatha ana anga anandiikira sola. Mmisiri anafunsa za mababu, kanema ndi firiji, ine ndinamuuza awonjezerepo mafoni a anansi ndi zinkhoswe za abale, chifukwa nyumba ya kwathu sithera pa amene amagonamo. Anaseka, koma anawonjezera. Tsopano ndikudziwa kuti moto wapadenga umatha ukamapalidwa, choncho gawo la anthu ndimaliikiratu. Koma nyemba zisanu zija sindipatsa munthu, anditche woumira kaya. Ndikudziwa chimene zinapita nacho Loweruka lija.