Miyala ya ku Krabi

Nthawi ya recession, chuma chitasokonekera, bambo a kunyumba atachotsedwa ntchito, ndinkasamalira okalamba ku Mulhuddart, ku Ireland. Ndinkagwira shifiti imodzi ndi mayi wina wa ku Thailand. Tsiku lina pa buleki anandionetsa chithunzi cha kwawo ku Krabi: miyala italiitali itaima m'nyanja ngati zulu, mitengo itamera pamwamba pake.

"Koma inu, munachokeranji kokongola chonchi?" ndinawafunsa.

Anaseka. "Mlongo wanga amanyamula alendo pa boti kukawaonetsa miyala imeneyi. Chaka chino azungu sakubwera. Boti langokhala pamchenga, mlongo wangayo wabwerera kumunda wa labala."

Ine ndinkayesa vutoli ndi la ku Ireland kokha. Titamaliza tiyi, anandipatsa chithunzicho. Ndinakachimata pa firiji kwathu ku Ongar, ana n'kumandifunsa m'Chingerezi ngati kumeneko ndi ku Malawi.