Pamzere Wosainapo Kholo

Kope langa ladzaza ndi nkhani za anthu osawadziwa, zomwe ndatola m'madepoti ndi pamabenchi a zipatala. Iyi ndinaimva ndikudikira kumangitsa bala la pamwendo. Anandisimbira ndi namwino wina wopuma pantchito, ndipo zotsala ndinakazimva kwa ana a mayi amene ndikuwanenawa. Abusa a mpingo wawo anandipempha kuti ndiilembe m'kalata ya mpingo, poti mpingo sunawanenere zabwino ali moyo.

Mayiwa anabadwa achisanu m'banja la msoki wa nsapato. Sukulu analekezera kalasi yachinayi, atangodziwa kulemba dzina lawo ndi kuwerenga Masalimo. Bambo awo anawasiyira lamulo limodzi, lakuti dzina la munthu lisamakhale pansi pa bodza. Anakwatiwa ndi dalaivala wa lole, koma mphatso ya mwana sinabwere, ndipo patatha zaka zisanu ndi ziwiri bamboyo anapita ulendo wosabwerera. Iwo anapeza ntchito yokolopa pachipatala china chaching'ono. Anthu anawatcha Anachikolopa, dzina lenileni n'kuiwalika.

Kumapeto kwa khonde la chipatalacho kunali chipinda cha zakulera. Lamulo la pamenepo linali lakuti mtsikana wosakwana zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu akafuna mapiritsi kapena jakisoni, fomu yake isainidwe ndi kholo kapena womulera. Atsikana ambiri ankangokhala pabenchi, n'kubwerera. Ena ankanyengerera amayi ogulitsa zipatso pageti kuti adzitche makolo awo.

Masana ena, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu, ali mu yunifolomu, anawatsatira kumpopi komwe ankafinya chikolopa. Anawauza kuti pali bambo wina wamkulu amene samusiya, ndipo amayi ake amamuopa bamboyo. Anatulutsa fomu.

"Amayi, mungolemba dzina lanu apa. Palibe adziwe."

"Mulungu adziwa, mwanawe. Ine sindine mayi ako."

Anapemphera naye pomwepo, n'kumulangiza kuti akawauzenso amayi ake. Mtsikanayo anathokoza mwaulemu, n'kupinda fomuyo.

Patatha miyezi isanu anthu anabwera naye mtsikana uja pa wilibala. Anali atamwa zinthu zochotsera mimba. Sanafike madzulo. Magazi a m'khondemo anakolopa ndi Anachikolopa, ndipo popinda yunifolomu kuti aipereke kwa abale, anapeza fomu ija m'thumba, mzere wa kholo uli wopanda kanthu. Anaiika m'Baibulo lawo.

Musaganize kuti anasintha chikhulupiriro. Mpaka imfa ankanena kuti mwana ayenera kudikira, ndipo bodza sanalembepo. Koma anayamba chizolowezi chatsopano. Mtsikana akawapempha kusaina, iwo ankafunsa kwawo, ndipo akaweruka ankapita kukakhala pakhomo pa mayi ake. Kwina anawathira madzi otsukira mbale, kwina anawatukwana kuti chumba chidziwa chiyani za ana. Ankabwereranso mawa lake. Amayi angapo anafika kuchipatala okha, nkhope zili pansi, n'kusaina. Ena anakana, koma anayamba kumvetsera ana awo.

Kenaka kunabwera mtsikana wamasiye amene ankagona mu saluni momwe ankatsuka tsitsi la anthu. Kwawo kopitako kunalibe. Anachikolopa anaiyang'ana fomu nthawi yaitali.

"Bodza sindilemba. Katundu uli naye wochuluka bwanji?"

"Chikwama chimodzi."

"Katenge."

Anamuyalira mphasa m'chipinda chawo, anamubwezera kusukulu, ndipo patatha mwezi wathunthu akudya m'mbale imodzi, anasaina pamzere wa womulera, popeza tsopano zinali zoona. Atsikana amene anawalera chotere anakwana asanu ndi anayi pa zaka makumi awiri. M'nyumbamo malamulo anali atatu: sukulu, tchalitchi, ndi kutchula dzina la mwamuna amene akukukakamiza. Amuna awiri otere, mayiwa anakawasiya okha m'manja mwa apolisi. Atsikana ena atapeza pogona, jakisoniyo sanamufunenso. Anawo ankaseka kuti pemphero la amayi limayamba chakudya chikutentha, ameni n'kubwera ntchentche zitakhuta.

Nkhani inafika kwa akulu a mpingo. Anawaitana m'kachipinda ka kuseri kwa guwa, n'kuwauza kuti akugawa chilolezo cha chiwerewere. Iwo anatsegula Baibulo, n'kuyala fomu ija patebulo.

"Abambo anga, ine ndinakana mwa chilungamo, ndipo mwanayu anafa. Ndani mwa inu anakolopapo magazi a mwana?"

Akuluwo anawaimitsa mgonero zaka zitatu. Mayiwa sanasamuke mpingo, sanatukwane munthu. Ankakhala benchi yakumbuyo ndi atsikana awo, ndipo Loweruka lililonse ankakolopa tchalitchi monga kale.

Si zonse zinayenda bwino. Mtsikana mmodzi anathawa ndi mwamuna, osamvekanso. Wina anadwala matenda amene jakisoni sateteza, n'kumwalira pamphasa yomwe ija. Mayi wina anawatemberera pamsewu kuti anamubera mwana. Namwino uja atawafunsa ngati sakukayika, anayankha kuti amakayika tsiku lililonse, ndipo ngati analakwa adzakayankha okha, bola adzafunsidwe za ana amoyo.

Ukalamba unayambira m'maondo, kenaka maso anachita mdima. Anagonekedwa m'chipatala chomwe anakolopa zaka makumi atatu. Masana a Lachinayi anapempha kuti awawerengere Salimo la m'busa, anadandaula pang'ono kuti wokolopa watsopano akudumpha m'makona, ndipo anagona osadzukanso.

Potenga thupi panafunika fomu. Kalaliki anati asaine mwana wawo kapena m'bale. Patsogolo pake panaima amayi asanu ndi awiri: mphunzitsi, telala, wogulitsa mumsika ndi ena. Wamkulu, uja wa mu saluni, anatenga cholembera, n'kulemba pamzere wa ubale kuti "mwana". Kalaliki anayang'ana mafailo, nati palembedwa kuti malemuwa sanabereke.

"Anayamba ndi iwo kusaina kuti ndife awo," anatero mayiyo. "Ndipo amayi athu sankalemba bodza."

Kalaliki anadinda.

Abusa anafuna kuti fomu yakale ija ilowe m'bokosi limodzi ndi malemu, koma anawo anakana. Anati amayi ainyamula mokwanira. Ili mu ofesi ya mpingo, mufelemu, pakhoma loyang'anizana ndi mpando wa akulu. Ndinaiona ndi maso anga ndisananyamuke. Pepala lafiira, mopindamo mwang'ambika, ndipo mzere wa kholo ukadali wopanda dzina.