Asiyatu Atagwera m'Ngalande

Mpunga ukayamba kucha ku Lifuwu pamamveka kafungo kena, kosakanikirana ndi ka matope ofunda a m'ngalande. Anthu amati n'konunkhira. Ine kamandinyansa mpaka lero, chifukwa kamandibwezera mu Sitandade 5, kwa Esinati.

Esinati anali chimtsikana chobwereza kalasi kachitatu, cha mawu ngati wogulitsa usipa, ndipo tonse tinkamuopa. Chaka chimenecho anapeza womuseweretsa: Asiyatu, kamtsikana kowonda kochokera ku Senga Bay, kamene kankadwala khunyu. Kwathu aliyense ankati wakhunyu akagwa n'kuphwisa, amene wapuma mpweyawo nayenso amatenga matendawo. Esinati anasandutsa mawu amenewa lamulo. Asiyatu akalowa m'kalasi tinkagwira mphuno. Pa mzere wa phala ankaima yekha kumapeto, ndipo kapu yake tinkaikankha ndi kamtengo. Poweruka Esinati ankadzigwetsa m'fumbi, kutembenuza maso, kuphiriphitha, ife n'kumafa nalo phwete. Nanenso ndinkaseka, mokweza ndithu, kuti Esinati andimve.

Aphunzitsi ankaziona zonsezi. Ankangoti, "Ana inu, phokoso," n'kupitiriza kulemba pa bolodi.

Tsiku lina tinaweruka dzuwa likuswa mtengo, n'kudzera njira ya pakati pa minda. Chapatali opirikitsa mbalame ankagogoda zitini. Esinati analanda jumbo ya makope a Asiyatu n'kuiponya tsidya lina la ngalande. Asiyatu anakwera pa kathabwa kowolokera kuti akaitole. Ali pakati anaima chilili, maso n'kutembenuka, kenaka anagwera m'madzi chafufumimba.

"Thawani, aphwisa ameneyo!" anakuwa Esinati. Onse anabalalika atagwira mphuno.

Madziwo ankalekeza m'mawondo, koma nkhope ya Asiyatu inali itamira. Ndikanakonda kunena kuti ndinalimba mtima. Zoona zake n'zakuti miyendo inandikanika kuthawa. Ndinakoka mpweya wambiri, kutseka pakamwa, n'kulumphiramo. Ndinamugwira kolala ya yunifolomu n'kumudzutsa mutu. Thupi lake linali gwa, likunjenjemera, thovu likutsikira pa mkono wanga. Mpweya unandithera. Ndinalimbikira mpaka m'maso munachita mdima, kenaka ndinapuma. Ndinapuma ndikulira, ndikudziwa kuti basi, khunyu ndaitenga. Koma sindinamutaye mpaka bambo wina wochokera kumunda anafika n'kutivuula.

Kunyumba amayi sanandiyamikire. "Iwe ndiwe mayi ake? Ukayamba kugwa akusamale ndani?" Mmawa mwake kusukulu kapu yanganso inakankhidwa ndi kamtengo, ndipo Esinati analengeza kuti akhunyu tsopano alipo awiri. Teremu yonse ndinaima kumapeto kwa mzere limodzi ndi Asiyatu. Ndisaname, ndinkadana naye chifukwa cha zimenezo. Ankandibweretsera utaka wowamba wa kwawo, ine n'kumalandira osamuyang'ana. Tsiku lililonse ndinkadikira kugwa, koma sindinagwe. Teremu yotsatira Asiyatu sanabwerenso kusukulu.

Nthawi imeneyo ndinkaona kuti Asiyatu wandilakwira, pakuti ndinamupulumutsa koma ine n'kutaya anzanga onse. Lero ndikudziwa kuti matenda a khunyu sapatsirana, ndi kuti amene ndinawataya aja ndi omwe anamuthawa akumira. Iye anandithokoza kangapo konse. Ine, pa miyezi yonse imene ndinamuseka, sindinamuuze pepa ngakhale kamodzi.