Manda a Dorica

Pa siteshoni ya Nkaya pali mayi wina wogulitsa chinangwa chophika, dzina lake Dorica. Takhala moyandikana zaka zisanu ndi zinayi, iye ndi beseni lake, ine ndi zitumbuwa zanga. Ndi wamfupi, ali ndi chipsera chochokera pamphumi kukalowa m'tsitsi, ndipo akamayankhula lilime limamulemera ngati wabwira mbatata yotentha. Apaulendo amamugula bwinobwino. Koma anthu a kwawo ku Nsamala akamuona amalambalala, ena amachita kulavula malovu. Kwawoko Dorica anamwalira kalekale. Manda ake alipo, ndi mtanda wolembedwa dzina lake.

Zinayamba ndi mvula ya mu Januwale 2015. Nthawi imeneyo Dorica anali ndi khanda la miyezi isanu ndi umodzi, Luckness. Tsiku lina anasiyira mkulu wake Chrissie mwanayo, iye n'kuthamangira kutsidya kukamasula mbuzi zomwe anamangirira m'dambo. Pobwerera anapeza mtsinje utakwiya. Anayesa kuwoloka, madzi n'kumukokolola. Asodzi ndi amene anakamutola kumunsi kwambiri atakodwa m'mabango, mutu utang'ambika, n'kumutengera kuchipatala.

Kumeneko anagona ngati chipika. Kuona ankaona, kumva ankamva, koma pakamwa ndi manja zinali zitamukana. Dzina lake panalibe wolidziwa. Achipatala analengeza kuti amene wasowa m'bale abwere adzaone, ndipo pa tsiku lachisanu kunabwera Chrissie, Luckness ali kumsana.

Apa ndiyenera kunena za Chrissie. Anali atakhala pabanja zaka khumi ndi ziwiri wopanda mwana, ndipo amayi a pamjigo sankamusiya kumulasa ndi mawu. Ululu umenewo ndimaudziwa, nanenso ndine mkazi. Koma musandipemphe kuti ndimumvere chisoni, chifukwa sindingathe.

Anaima kumiyendo kwa bedi. Anayang'anana ndi mng'ono wake nthawi yaitali. Dorica akuti ankaona kaphazi ka mwana wake kakulendewera m'chiuno mwa Chrissie, katavala sokosi yomwe analuka yekha. Anayesa kukuwa, koma kunangotuluka mpweya.

"Mayi, ndi m'bale wanu ameneyu?" anafunsa namwino.

"Iyayi," anatero Chrissie. "Si ameneyu."

Anakoka chitenje n'kufunditsa mwana kumutu, natuluka.

Kumudzi anakanena kuti wayenda zipatala zonse, palibe. Ndiye anachita monga timachitira mtembo ukasowa: anadula thunthu la nthochi, kulikulunga munsalu, kuliimbira nyimbo za mpingo n'kulikwirira. Ankalira kuposa onse anali Chrissie, mpaka anachita kumugwirizira. Mwamuna wa Dorica, Pitala, anali mkamwini chabe. Atameta maliro anamusudzula, anabwerera kwawo ndipo chaka chisanathe anali atakwatira kwina. Mwana anatsala kuchikazi, m'manja mwa Chrissie.

Patatha miyezi isanu ndi iwiri Dorica anadzuka, nayamba kutulutsa mawu, ngakhale olemera. Anafika kwawo dzuwa lili paliwombo, atawonda, atametedwa mpala, atavala diresi yopatsidwa. Amayi a pamjigo anathawa kusiya zidebe zikusefukira. Anyamata anatola miyala. Iye anangoima pabwalo n'kumayesetsa kunena kuti, "Ndine Dorica," koma mawu ankatuluka opindika.

"Mwalimva lilimelo?" anatero wina. "Analidula."

Basi, mlandu unathera pomwepo. Kwathu kuno amati munthu wophedwa m'matsenga amakafukulidwa, kumudula lilime n'kumusandutsa ndondocha yolima m'munda mwa mfiti. Bala la m'mutu lija ndi limene linakhala umboni wakuti si munthu. Chrissie anatulukira pakhomo atakumbatira Luckness.

"Achemwali anga tinaika, nonse munalipo," anatero akulira. "Ichi chabwera kudzatenga mwana."

Dorica anatembenukira kwa atsibweni ake, amene anamulera bambo ake atamwalira. Anawagwadira, nawaonetsa chala chomwe chinapsa ndi phala ali wamng'ono. Mkuluyo anachiona chalacho, ndikukuuzani anachiona. Koma kuvomera kukanatanthauza kuti mbumba yake yaika nthochi mwini wake ali moyo, ndipo iye ndi amene anatsogolera mwambowo.

"Maliro sitilira kawiri," anatero akuyang'ana pansi. "Bwererani kumene mwachokera."

Dorica anayenda m'maofesi a boma kuti amuthandize kutenga mwana wake. Kulikonse ankamuuza kuti abwere ndi wachibale womuchitira umboni. Wachibale wake uti? Pomaliza anadzakhala kuno ku Nkaya, ndipo poyamba sindinkamvetsa chifukwa chake sanapite kutali ndi anthu oipawo. Ndinadzazindikira tsiku la sitima. Chrissie amabwera kudzagulitsa tomato kutsidya kwa njanji, ndipo amabwera ndi mwana.

Umu ndi mmene Dorica walerera mwana wake, ndi maso, njanji ili pakati. Anamuona akuyamba kuyenda. Anamuona atagweluka mano. Amadziwa tsiku limene anavala yunifolomu koyamba, ndipo akamuona akutsokomola, iyenso tsiku limenelo sadya. Kamodzi kokha anawoloka atanyamula chinangwa chotentha, Luckness ali ndi zaka zisanu. Mwanayo anakuwa mpaka kukomoka, poti anamuuza kuti chinthucho chikadzangomukhudza, chidzapita naye kumanda. Dorica sanawolokenso. Ankangoti, "Akadzakula adzabwera yekha. Magazi sanama." Ine ndinkamuvomereza, nanga ndikanati chiyani?

Mwezi wathawu anabweradi. Unali mmawa, sitima isanafike. Ndinaona kamtsikana ka zaka khumi kakudumpha njanji, katanyamula mbale yovundikira. Dorica anaimirira, nakonza chitenje chake, napukuta manja kawiri. Nkhope yake sindinaionepo ikuwala chotero. Kutsidya, Chrissie anali ataima pa tomato wake, manja ali m'chiuno.

Luckness anaima patali pang'ono n'kugwada. Anavundukula mbale ija. Munali ufa woyera. Anayamba kuuthira pansi pang'onopang'ono, pafupi ndi mapazi a Dorica, monga amathirira nsembe kwa mizimu. Anayankhula maso ali pansi, mawu ochita kuloweza.

"Amayi, gonani. Takupatsani chakudya chanu. Anzanga akundithawa kusukulu, akuti ndine mwana wa mzukwa. Ngati munkandikonda, musaonekerenso. Gonani, amayi."

Ine magazi anawira. Ndinadzuka kuti ndikamuthire Chrissie mafuta a zitumbuwa, koma Dorica anandigwira mkono mwamphamvu. Kenako anatambasula dzanja lake kulunjika pamutu pa mwanayo. Luckness anatseka maso n'kuuma thupi lonse, kudikira imfa. Dzanja lija linaima m'malere, kenako linabwerera.

Dorica anayesetsa kuti lilime limumvere, kuti mwanayo amve liwu lililonse.

"Ndamva, mwanangu. Pita, sudzandionanso. Ndikagona."