Singano Imene Inanamiza Bambo

Bambo anga anaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo m'zaka zonsezo wapolisi sanawalembepo mlandu ngakhale kamodzi. Musandifunse kuti ndinadziwa bwanji. Kwathu nkhaniyi inkamveka kawirikawiri kuposa pemphero la chakudya. Mlendo akangokhala pansi, madzi akumwa asanafike n'komwe, bambo anali atayamba kale kumufotokozera, ife ana tikuwatsanzira milomo kuseri kwa chitseko.

Ophunzira awo anawatcha a Singano. Ankati akakhala pambali pa wophunzira, chala chawo chinkangogogoda pagalasi la mita ya liwiro, uku akubwereza mawu amodzimodzi, oti munthu amanama koma singano sinama. Dzinalo linawakanirira mpaka ena ankayesa ndi la makolo awo. Iwo ankalikonda, ngakhale ankanamizira kukwiya nalo.

Panyumba pathu panali lamulo limodzi lalikulu: munthu amene apolisi anamulembapo sagwira kiyi wa galimoto ya bambo. Lamuloli linagwira munthu mmodzi yekha, mayi anga. Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi ndinameza batani la juzi, mayi n'kundithamangira nane kuchipatala, ndipo m'njira anadutsa chikwangwani choimitsa osaima. Wapolisi anawalemba. Ndinene zoona, madzulo ake bambo anayamba afunsa kaye za ine, kenako anatambasula dzanja. Mayi anaikamo kiyi. Batanilo linatuluka lokha mawa lake, koma kiyi sanabwerere. Zaka makumi awiri ndi zitatu mayi akhala pampando wa pambali, chikwama pamiyendo, akumva mmene madalaivala ena onse padziko pano akulakwitsira.

Atapuma ntchito, bambo anagulitsa kagalimoto kawo kophunzitsira kaja, kokhala ndi mabuleki mbali zonse ziwiri, n'kugula chigalimoto chakale chokoka ndi matayala onse anayi. Chifukwa chake ndinali ine. Ndinali nditakwatiwa ndi makanika, tikukhala kumapeto kwa tauni kumene msewu wa tala umathera, ndipo kuchokera pamenepo mpaka pakhomo pathu malole a mchenga anali atakumba mizere iwiri yakuya, pakati pake patatsala chimsana cha dothi. Bambo anati galimoto yawo yatsopanoyo siopa zimenezo.

Ulendo woyamba womwewo, mvula itangokata, galimotoyo inakhalira mimba pachimsana chija, matayala onse anayi akungozungulira m'matope. Anaikoka ndi lole yogulitsa buledi. Tsoka lake, dalaivala wa loleyo anali wophunzira wawo wakale, ndipo pomangirira chingwe ankangofunsa mwaulemu wonyanya ngati aphunzitsi akufuna awakumbutse giya yoyenera. Bambo sanadye tsiku limenelo. M'mawa mwake anafika kugalaja ya mwamuna wanga asanatsegule, n'kulamula kuti galimotoyo ikwezedwe mpaka chimsana chija chizioneka ngati mzere wa choko.

Ntchito inatenga masiku asanu. Mwamuna wanga anaikweza pamajeke, n'kuchotsa masipuling'i akale, kuikamo ena aatali, ndipo pakati pa thupi la galimoto ndi chitsulo chake chapansi analowetsapo zidutswa zokhuthala zomangidwa ndi mabauti atsopano. Mapaipi a mabuleki anapezeka afupika, anasinthidwa. Kenako panabwera matayala, zimatayala za manomano zofika m'chiuno mwanga. Pokhotetsa chiwongolero, lakutsogolo linkakhula madigadi, chitsulo chotchinga matope chija, choncho mwamuna wanga anatenga makina odulira zitsulo kuti achepetse pakona. Bambo anatembenukira kukhoma ngati akudulidwa khutu ndi iwo. Masiku asanu onsewo anakhala pandowa yovundikira pakati pa galaja, atavala tayi, akuwerenga mabauti ndi kulangiza mkamwini wawo kagwiridwe ka sipanala. Munthu amene wagwira sipanala kuyambira ali mwana ankangoti inde bambo, zikomo bambo, akafika kunyumba n'kudzandilalatira ine.

Ataitsitsa pamajeke, galimotoyo sinaoneke kuti yatsika. Bambo anaizungulira katatu, manja kumbuyo, mano onse pamtunda. Iwo ndi aatali, anangogwira chitseko n'kudziponyera m'kati. Mayi ndi afupi ngati ine, ndipo anaima pansi akuyang'ana mpando wawo uli m'mwambamo, n'kufunsa ngati kumeneko nakonso kumagwa mvula. Bambo anawakhomera kampando ka matabwa, n'kukamangirira chingwe kuti mayi akakwera azikakokera m'kati.

Tsono apa mumvetsetse, chifukwa nkhani yagona pamenepa. Tayala lalikulu likazungulira kamodzi limapita patali kuposa laling'ono. Koma mita ya liwiro siona matayala, imangowerenga kuzungulira, ndipo ya bamboyi inkawerengabe ngati ili ndi timatayala take takale. Singano ikaloza 50, galimoto imakhala ikuthamanga kuposa pamenepo. Mwamuna wanga ankadziwa zimenezi, ndipo anayesa kunena. Anafika pa mawu akuti, "Bambo, singanoyi mwina tsopano..." Bambo anamuyang'ana kudzera pamwamba pa magalasi, iye n'kumaliza kuti mwina ikufunika kupukutidwa fumbi.

Usiku anandipempha kuti ndikawauze ndine. Ndinakana, ine sindinatope nawo moyo. Choncho anapita kwa mayi, n'kuwafotokozera zonse bwinobwino, mpaka kugubuduza chivundikiro cha poto ndi cha botolo patebulo kuti aone kusiyana. Mayi anamvetsera mwachidwi, anafunsa mafunso awiri anzeru, kenako anati, "Zisiye m'manja mwanga, mwananga." Mwamuna wanga anabwera akuimba mluzu. Ine ndimawadziwa mayi anga, ndinadziwa kuti m'manja mwawomo zakhazikika ndithu, sizitulukamo. Nane ndinangokhala chete. Mulungu andikhululukire, ndinkafuna kuona.

Milungu iwiri bambo anayenda m'tauni ngati mfumu. Chimsana chija ankachidutsa akuimba nyimbo ya kutchalitchi. Anayamba kudandaula kuti madalaivala a masiku ano ndi amantha, munthu uli pa 50 yeniyeni koma ukungowapitirira onse ngati aima. Mayi ankavomera kuti inde amuna anga, dziko lasintha. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Loweruka lina m'mawa ananditenga kuti tikagule kabedi ka mwana, popeza ndinali woyembekezera. Ndinakhala kumbuyo, mayi ali pampando wawo wa pambali. Tikutsetsereka msewu wodutsa pasukulu, pamene pali chikwangwani cha 50, singano itagona pa 50 osagwedezeka, wapolisi wamkazi anatulukira pansi pa mtengo atakweza dzanja. Bambo anaima mosangalala. Iwo ankakonda kuimitsidwa, unali mwayi woonetsa mapepala.

Wapolisiyo anafika pawindo, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono kuti aone amene ali m'mwambamo. Atawazindikira anagwira pakamwa. Nayenso anali wophunzira wawo, amene ankamuliritsa pomuphunzitsa kubwerera chammbuyo. Anawapatsa moni mwaulemu, anapatsanso moni mayi, kenako mwamanyazi anawaonetsa kamakina kake koyezera liwiro. Kanalemba 58.

Bambo anaseka. Anamuuza mwachifundo kuti kamakinako kafa, akakabweze kumene anakatenga. Ndipo pofuna kumuthandiza mwanayo, anatembenuza galimoto, kukwera mpaka pamtunda, n'kutsikanso singano ili pa 50, atauza mayi kuti akhale mboni. Mayi anasuzumira n'kutsimikiza kuti ndi 50 ndithu. Kamakina kanati 58. Anabwereranso kachitatu, tsopano thukuta lili kamukamu pakhosi, ndipo ogulitsa zipatso m'mbali mwa msewu anali atasiya malonda awo n'kumaonerera. Kanatinso 58.

Wapolisi uja anayenda mozungulira galimoto, anaima pa tayala lakutsogolo, n'kufunsa ngati mita inasinthidwa pamene matayala ankasinthidwa. Anafotokoza zomwe zija za chivundikiro cha poto, koma iye analibe poto. Bambo anayang'ana singano ija nthawi yaitali. Kenako anandiyang'ana ine pagalasi, ine n'kuyamba kufunafuna chinthu m'chikwama chimene sindinataye.

Mtsikanayo anali wamtima wabwino. Anatseka buku lake, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Pitani, aphunzitsi. Ine sindinaone kanthu. Mukangokonzetsa mitayo basi."

Mayi ankayang'ana kunja, kwa ogulitsa zipatso aja, ndipo ndikudziwa kuti bambo akanati zikomo n'kuliza injini, mayi sakanatchula nkhaniyi mpaka kumanda. Bambo nawo ankadziwa zimenezo. Apa kuseka kunandithera. Munthuyu alibe nyumba yosanja, alibe digiri, chuma chake chonse chinali mbiri imeneyi, ndipo ife tinkaonerera ikugwa ngati masewera. Ndinachita manyazi kwambiri.

"Ndinakuphunzitsani choncho ine?" anafunsa bambo.

Wapolisi anawerama.

"Lembani. Ndipo mulembe zooneka."

Analemba. Bambo anasaina, anapinda pepalalo kanayi, n'kuliika m'thumba la malaya. Kenako anazula kiyi. Anamugwira kanthawi, n'kunena osayang'ana aliyense kuti lamulo la panyumba ndi lamulo, iwo sayendetsanso. Ine ndinali ndisanaphunzire n'komwe kuyendetsa, choncho anandiuza kuti ndiimbire mkamwini abwere adzatitenge, popeza laisensi ya mayi inatha mphamvu ine ndikadali kamwana.

Mayi anatsegula chikwama chawo mosafulumira. Anatulutsa mpango, mankhwala a mutu, maswiti awiri, kenako timakadi tomangidwa ndi labala. Anachotsa kapamwamba n'kukapereka kwa wapolisi kudzera pamaso pa bambo. Wapolisi anakatembenuza uku ndi uku, n'kunena kuti laisensiyi ili bwinobwino, itha chaka chamawa.

Totsalato mayi anatiika pamiyendo pa bambo. Anali malaisensi anayi akale. Nthawi iliyonse ikatha mphamvu, mayi ankapita okha pabasi, kukaima pamzere tsiku lonse, kuyezetsa maso, kujambulitsa, n'kubwera kunyumba kudzaphika. Palibe ankadziwa, ngakhale ine amene ndimadzitama kuti ndimawadziwa. Bambo anayala timakadito padzanja. Pa koyamba panali mayi wa tsitsi lakuda bii, akumwetulira. Pa kachitatu anali atavala magalasi. Pa kachinayi imvi zinali mbuu.

"Zaka zonsezi, akazi anga?"

"Ndimati mwina tsiku lina mudzatopa, mudzafune wokuthandizani."

Bambo anatsika, anazungulira kutsogolo kwa galimoto pang'onopang'ono, n'kukakhala pampando wa mayi, iwo atasunthira kale kuchiwongolero. Mayi anakokera mpando wa dalaivala kutsogolo mpaka pomwe umathera, mapazi n'kungofika ndi zala. Injini inawazimira kawiri tisanasunthe, kachitatu galimoto inadumpha mpaka ndinagwira mimba, wapolisi akuimitsa magalimoto ena kuti tilowe mumsewu. Ndinadikira kuti bambo ayambe kulangiza. Tinafika kusitolo ya mabedi asanatulutse liwu, ndipo mayi atazimitsa injini ndi pamene bambo anafunsa ngati angasunge chithunzi cha tsitsi lakuda chija.