Tiyi Wosukuluka wa a Wen Jinmu

A Wen Jinmu anabadwira m'minda ya tiyi ya pa phiri la Fenghuang ndipo anakalambira momwemo. Anali munthu wolemera pakamwa. Ukawapatsa moni ankangogwedeza mutu ngati mawu amachita kugula. Woyankhula pakhomopo anali mkazi wawo, Ailian, yemwenso ankawaposa poumitsa masamba pa makala, ngakhale a Jinmu sanavomerepo zimenezi pagulu.

Ailian anadwala nyengo yothyola masamba. A Jinmu anati ntchito iyambe yachepa, ndipo pomwe ankapita naye kuchipatala, madzi anali atafika kale m'khosi. Mlongo wake wa malemuyo, a Ke Bingyao a ku Shantou, anakwiya ndi kuchedwako n'kuchoka pamaliro osatsanzika, zaka n'kudutsa osapondanso pakhomopo. Zimenezi zinkawadya mumtima a Jinmu, poti panalibenso wina woti azikumbuka naye Ailian.

Tsiku lina masana anangoona a Bingyao ataima pakhomo, ndodo ili m'manja.

"Alamu, mukadali moyo? Ine ndimayesa utsi wa makala unakuumitsani kale."

"Lowani, alamu. Khalani apa."

A Jinmu anatsitsa kachitini kamene sankakakhudza. Munali masamba omaliza amene Ailian anaumitsa ndi manja ake, ongokwana kamphika kamodzi. Sanawauze a Bingyao zimenezi. Mumtima anati mlongo wa Ailian azindikira yekha.

Anaika masambawo mukamphika n'kuthiramo madzi owira. Madzi oyamba anatsukira tikapu. Achiwiri anatuluka owawa, a Bingyao n'kukwinya nkhope. "Mwandiphikira mankhwala kodi?" Otsatira anabwera ndi fungo la maluwa, kenako kutsekemera kotsalira kukhosi, ndipo mlendoyo anayamba kumasuka. Anasimba za mawondo awo, za zidzukulu, mpaka za Ailian ali mwana, mmene ankabera malalanje kwa aneba. A Jinmu anaseka koyamba chimwalirireni mkazi wawo.

Koma masamba amatopa, ndipo tiyi uja anayamba kuyera. Ku Fenghuang ngakhale mwana amadziwa kuti tiyi akasukuluka, mwininyumba amataya masambawo n'kuika atsopano. Akapanda kutero ndiye kuti akuuza mlendo kuti aone msana wa njira. A Jinmu ankadziwa bwino lomwe, koma tsikulo nzeru zawo zonse zinali mukamphikamo. Akanawataya bwanji? Anathiranso madzi, n'kuthiranso, kusakasaka Ailian pa lilime.

A Bingyao anamwa kapu yoyerayo n'kudikira. Anamwanso ina, kenako ina. A Jinmu poona mlamu wawo akumwa mwakachetechete anakondwa, poganiza kuti azindikira dzanja la mlongo wawo.

Kenako a Bingyao anatola ndodo n'kuimirira.

"Ndamva, alamu. Musavutike n'kutha makala."

"Khalani kaye, madzi akuwira."

"Madzi ndamwa okwanira."

A Jinmu anangoti basi yamadzulo ndi imene ikuwafulumizitsa. Anawaperekeza mpaka pamsewu, n'kubwerera kunyumba mtima uli m'malo.

Kuzizira kutayamba, unafika uthenga woti a Bingyao atisiya. Pamaliro, mwana wamkazi wa a Bingyao anakokera a Jinmu pambali, maso ali psuu.

"Amalume, bambo anakwera phiri lonse lija ndi mawondo otupa kuti adzakupepeseni. Munawapirikitsiranji ndi madzi?"

A Jinmu anayang'ana bokosi lija n'kuyankha.

"Anali masamba a azakhali ako, mwanawe. Omaliza."

Kanali koyamba kuti anene zimenezi mokweza, ndipo woyenera kuzimva anali gone m'bokosi pafupi pomwepo.